Ndolo za Nthenga za Amake Trinity

Lachiwiri, 2 Seputembala 2025

Kamakina kothandiza kumva kafika. Kali kukhutu lakumanzere pano ndikulemba. Kakang'ono ngati nyemba, kachubu kolowa mkati, kathupi kokhala kuseri kwa khutu. Akuti mtundu wake ndi wofanana ndi khungu. Khungu la ndani kaya, langa ayi.

Ku chipatala ku Lusaka mzere mpaka pakhomo. Dokotala wake mtsikana, msinkhu wa Trinity wanga. Atakayatsa anafunsa chapansipansi, "Amai, munimvela?" Ndinamva. Ndinamvanso nsapato za munthu wodutsa panja, pepala likupindidwa, m'mimba mwa amuna anga a Oswald mukulira njala. Zaka zinayi khutu limeneli lili zii, lakumanja nalo likutsatira mnzake pang'onopang'ono.

M'minibasi pobwerera, mayo ine. Ngati mapoto onse a m'dziko akugwa nthawi imodzi. Ndinafuna kukazula tisanafike ndi pa Chelstone pomwe. A Oswald anandigwira dzanja: "Limbani amake Trinity, bakamba ati muzajaila."

Kufika pakhomo, nkhanga zanga zonse khumi ndi zinayi kundilandira. Ndinali nditaiwala kuti zimasokosa chonchi. Anansi anga ndi anthu opirira.

Lachinayi, 4 Seputembala

Mutu wayamba kuzolowera. Ndamva madzi akuwira pamoto ine ndili panja.

Ndilembe chimene chinandipititsa ku chipatala, mwina chisiya kundiwotcha. Mwezi wa Juni kunabwera ba Mubanga, amayi ake a Calvin, mnyamata amene akukwatira Trinity. Asewere anga tsopano. Mayi wa mu ofesi ya boma, nyumba ku Silverest, galimoto yoyera, mawu ofewa ngati akuwopa kudzutsa mwana. Anandifunsa kuti, "Muli na bana bangati?" Ine ndinamva nkhanga. Ndinayankha mwaulemu ndithu kuti zinali khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma ziwiri anadya galu.

Trinity maso pansi. A Oswald anatuluka, ati akukaona mbuzi. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwira nthiti.

Kuseka ndinaseka nawo pambuyo pake. Koma Trinity chichokereni pano mu Ogasiti sanapondenso. Pa foni mawu awiri atatu, basi. Mwana amene ankandifotokozera ngakhale za makasitomala a ku saluni kwake, amene ali ndi nsabwe ndi amene salipira msanga. Ndithu akuchita nane manyazi. Ukwati nawo anausuntha, unali wa Disembala, pano wa Okutobala. Chifukwa chake palibe anandiuza. Kapena anandiuza ine osamva.

Kicheni pate yake, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, pa 27, ku Silverest. Azimayi onse a mbali ziwiri adzakhalapo. Ndaganiza kale: chitambala chachikulu kumutu, kumanga motsitsa, makutu onse mkati. Palibe adzaone kanthu.

Lamulungu, 7 Seputembala

Ndayesa nzeru ya chitambala ku Misa ku Kasisi. Ha!

Poyamba bwinobwino. Kenako nthawi imene wansembe akweza mkate, tchalitchi chonse chili zii, ndinaweramitsa mutu, nsalu ndi kukanikiza kamakina. Tswiiiii! Mluzu wa m'bwalo la mpira. Anthu kuyamba kupapasa matumba kufuna foni. Ine ndemwe kuyang'ana uku ndi uku kufuna wolakwa, mpaka ba Clarissa, mnansi wanga, anandigunda ndi chigongono: "Ni imwe, mwandi."

Ndinakweza nsalu, kanakhala chete. Kutsitsa, tswiii. Dokotala ananenadi kuti sikafuna kuphimbidwa. Ine ndinkangovomera ndi mutu.

Pobwerera ndinangoyenda msangamsanga. Ba Clarissa anandilekerera mpaka pa mlatho, kenako: "Chinthu chikakana kubisika, chivalikeni bwino chabe." Ine ndinati kamakina sikavala chitenje. Anaseka mpaka kukhala pa mwala.

Pakhomo, pafupi ndi khola, nthenga imodzi ya nkhanga ili pansi. Yakuda, madontho oyera ngati wina anakhala pansi ndi kuwalemba limodzilimodzi. Ndasesa zotere zaka khumi osaziyang'ana. Ndinaitola ndi kuiika pakhutu, kudziyang'ana pa galasi la zenera.

Sindinauze munthu. Ili m'buku muno.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Ndolo. Ndipanga ndekha. Anthu akafuna kuyang'ana khutu langa, apeze choyang'ana.

M'mawa wonse chiweramire kuseri kwa khola ndi pansi pa mpanda pamene nkhanga zimasamba fumbi. Zothothoka zokha, sindizula. Ndadzaza chitini cha mkaka. Zamapiko n'zazikulu, zouma ngati chitsulo. Zabwino ndi zapamsana ndi pachifuwa, zazitali ngati chala, zofewa.

Ntchito ili pa kupeza ziwiri zofanana. Ina imakhotera kumanja, ina kumanzere. Ndolo zimafuna imodzi ya uku imodzi ya uko, kuti zonse ziyang'ane kumaso. Ndinaziyala pa mphasa ngati ndikusankha mbewu. Mwa makumi asanu, mabanja asanu ndi limodzi. Zinazo mbeta.

A Oswald anaima chapatali, manja kumbuyo. "Amake Trinity, ngati ni mankhwala, uyo munthu mumukhululukile chabe." Ndinawaponyera chitsononkho.

Madzulo manja kuyabwa mpaka m'zigongono. Utitiri. Ndiye ndikanaika zimenezi kukhutu?

Foni kwa Trinity. Sanayankhe. Uthenga pambuyo pake: ali ndi kasitomala.

Lachitatu, 10 Seputembala

Kuchapa nthenga. Madzi ofunda, sopo wa mbale pang'ono, kuvundula ndi chala mofatsa, kutsukuluza katatu. Zinatuluka ngati makoswe omira m'chitsime.

Ndinaziyanika pa thumba padzuwa ndi kupita kukathirira repu kudimba. Kamvuluvulu wa Seputembala sanandipemphe. Ndikubwera ndi kheni m'manja, ndikuona nthenga zanga zili m'mwamba, zikupita cha ku Nkomeshya. Mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi kuthamangitsa nthenga m'munda mwa eni! Ba Clarissa anaona zonse ali pa mpanda. Sanathandize. Sakanatha, anali atagwira pamimba.

Ndapulumutsa mabanja atatu. Tsopano ndikuyanika m'sefa, pamwamba kansalu ka neti yakale ya udzudzu, mwala uku ndi uku.

Zitauma zinali zomatana, zonyansa. Ndinali pafupi kuzitaya. Ketulo ili pamoto, ndinadutsitsa imodzi pa nthunzi, kungoyesa. Inatambasuka ndikuona, ngati duwa. Kuisisita ndi zala kuchokera kutsinde kupita kunsonga, yabwerera mwakale, madontho mbee. Ndinakuwa ndekha m'khitchini. Galu anathawa.

Loweruka, 13 Seputembala

Waya ndapeza. A Oswald amakonza mapampu a m'mafamu, ndipo m'shedi mwawo muli mota yopsa yodzaza waya wofiira, wowonda ngati ulusi. Anandisomolera wokwanira ndolo za mudzi wonse. Pulayala anandibwereka ndi malamulo ambiri ngati akundibwereka ng'ombe.

Vuto lina. Boola lakumanja lilipo, lakumanzere linatsekeka. Chiyambireni kugontha sindinavalenso ndolo. Sindinaganizepo kuti ndikusiya, ndinangosiya, ngati mmene ndinasiyira kwaya ndi misonkhano ya mphakati.

Ba Clarissa anabwera ndi singano yatsopano, moto, spiriti ndi madzi a mchere. "Yang'anani uko, muwelenge nkhanga zanu." Ndinafika pa zitatu. Misozi inatuluka, koma yatheka. Anasiyamo kandolo kawo kakang'ono kagolide kuti boola lisatsekekenso.

Tingowe tolowetsa kukhutu ndinapinda ndekha ndi waya wa pampu. Ndinayesa kumanja kokha, mwamwayi. Pofika masana khutu layabwa, lasanduka lobiriwira ngati repu. Waya wa pampu ndi womangira nthenga basi. Tingowe n'tofunika ta kusitolo.

Chifukwa chabwino choimbira Trinity. Anayankha. Mawu ake ndinawamva bwinobwino koyamba pa foni, osamuuza kuti abwereze. Otopa. Ndinapempha tingowe ta ndolo ta ku Kamwala, tosachita dzimbiri.

"Ni va chani, amama?"

Ndinati adzaona. Ndinayembekeza kuti anena kuti abweretsa yekha mawa.

"Nizapasa ba draiva ba ku Kasisi."

Chabwino.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Tingowe tafika ndi minibasi ya masana. Kapepala ka pulasitiki m'envulopu, dzina langa kunja. Mkati ndinasuzumira kawiri. Palibe kalata. Koma anaikamo guluu, ndi tingowe mapaketi awiri m'malo mwa imodzi. Mwanayu sindikumumvetsa.

Mikanda ndinalibe. Kenako ndinakumbukira kachitini kali pansi pa sutikesi. Mikanda yanga ya m'chiuno, imene anandimanga azakhali ku Katete ndisanalowe m'banja. Chingwe chinaduka kale, chiuno chinapitirira. Yofiira, yoyera, yakuda. Ndinakhala nayo m'manja kanthawi. Ikungogona m'chitini, bwanji isaone dzuwa?

Mmene ndikupangira, ndilembe ndisaiwale. Kumeta ubweya wa kumunsi ndi sizasi kuti tsinde lioneke, kotalika ngati chikhadabo. Kadontho ka guluu. Kulowetsa mikanda itatu, wofiira pakati. Kukulunga waya pa tsinde kasanu ndi kawiri, mothinana, kupinda nsonga kukhala kamphete, kutsina ndi pulayala kuti isabaye. Kukoleka pa kangowe. Yoyamba inanditengera ola lathunthu ndi chala chimodzi chomatika ku tebulo. Yachiwiri theka.

Ndinasankha zazitali, zofika paphewa. Pa kalilole sindinadzidziwe. Ndinatembenuza mutu uku, uku. Amake Trinity, ndinu?

Kenako ndinayatsa kamakina.

Fwaa. Fwaa. Ngati munthu akusesa bwalo m'kati mwa mutu wanga. Kungotembenuka pang'ono, nthenga ikukhudza kamakina, fwaa. Kutuluka panja pamphepo, ngati lole ikutsitsa mchenga. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kamakina aka kali ndi nsanje: chitambala sikafuna, nthenga sikafuna.

Mawa tionana.

Lachinayi, 18 Seputembala

Zatheka!

Dzulo lonse kuyesa. Nthenga ikhale yaifupi, yosapitirira chibwano. Pamwamba pake mikanda isanu m'malo mwa itatu, kuti ilemere ndi kulendewera pansi, kutali ndi kamakina. Ndinakaima kudimba pamene mphepo imawomba kwambiri, kugwedeza mutu ngati mbuzi yokana chingwe. Zii. Ndikumva masamba a nthochi basi.

Khutu lakumanzere lapola, silikupweteka.

Ndinalowa nazo m'shedi ngati ndikubweza pulayala. A Oswald anadzutsa mutu, sipanala m'manja. Anayang'ana nthenga. Anayang'ananso, kuyandikira, maso kutsinzina pang'ono. Kenako nkhope yonse kumasuka.

"Iyi mikanda niiziba."

Ndinati sakuidziwa.

"Niiziba bwino maningi. Manje muzaionetsa ku chalichi?"

Ndinatuluka chothawa, nkhope ikutentha ngati ya namwali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'banja!

China. Bambowa amaimba akamagwira ntchito. Sindinkadziwa, kapena ndinaiwala. Chapansipansi, nyimbo za kwaya, mawu onse olakwika. Sindiwauza kuti ndikumva, angasiye.

Lamulungu, 21 Seputembala

Ku Misa ndi makutu pamtunda. Chitambala ndinamanga mokweza, mfundo pamwamba. Nthenga uku ndi uku, kamakina poyera.

Kuchokera pakhomo mpaka pa geti la mishoni ndinayenda maso pansi. Kawiri dzanja linapita lokha kukatsitsa nsalu. Ba Clarissa analimenya.

Palibe anafa. Ndinakhala pa benchi yathu yakale, osati kumbuyo kumene ndakhala ndikubisala. Ulaliki ndinaumva wonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wautali. Zaka zinayi ndakhala ndikuganiza kuti ndikutaya zambiri.

Nyimbo ya pa mgonero ndinaimba nawo, pang'onopang'ono, ndipo mawu anga ndinawamva akulowa pakati pa a anzanga osasochera.

Titatuluka azimayi anandizinga. Kugwira, kuuzira mpweya kuti aone zikuvina. "Masikiyo aya mwagula kuti?" Ndinati ku khola. Mmodzi anaona kamakina: "Nanga aka, ni ka foni?" Ndinati ndi khutu langa latsopano, lakale linatopa. Anangoti, "Oho," ndi kubwerera ku nthenga. Basi. Oho. Miyezi yonseyi ndikuopa oho.

Ba Clarissa akufuna zawo, za mchira wa tambala, zobiriwira zonyezimira. Tambala wawo sakudziwa kanthu.

Lachinayi, 25 Seputembala

Diresi la chitenje latuluka kwa telala. Pachifuwa lathina pang'ono, ndidzapuma Lamulungu, phwando litatha.

Za ba Clarissa ndamaliza, tambala anagwetsa yekha ziwiri, Mulungu ndi mboni. Ndapanganso zina. Zoyera, za nkhanga yanga yoyera ija imene imayenda yokha. Ndinaisaka masabata awiri kuti igwetse zofanana. Mikanda yoyera yokhayokha. Ndazikulunga m'kansalu. Za Trinity. Kaya ndimupatsa, kaya ayi. Mtsikana wa mu saluni ya m'tauni, apongozi a ku Silverest, avale nthenga za m'khola?

Anaimba yekha masana. Ndinathamanga manja ali ndi thovu.

"Amama, pa Chibelu muzabwela?"

Funso lanji limeneli? Loweruka lino, kicheni pate ya mwana wanga mmodzi yekha wamkazi, ine ndisapite? Ndinati ngakhale chokwawa ndifika. Ndinamva akupuma, kamakina sikabisa kanthu. Kenako, "Zikomo amama," ndi kudula.

Mwina amafuna ndikane. Mwina akuopa kuti ndikanenanso za galu.

Ndasintha batire kuti lisandithere pakati pa anthu. Lina ndamanga pa nsonga ya chitenje.

Lamulungu, 28 Seputembala, m'mawa

Miyendo ikuwawa, mawu asasa. Ndilembe ndisanapite ku Misa yachiwiri.

Tinanyamuka azimayi khumi ndi awiri a kuno pa minibasi imodzi, mapoto ndi mabeseni a mphatso pamiyendo, nyimbo njira yonse. Malo ake ku Silverest: kapinga wobiriwira mu Seputembala, matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu. Zokuzira mawu zazikulu ngati zitseko. Ndinatsitsa kamakina pang'ono ndi chala. Anzanga onse akutseka makutu, ine ndili phee. Ubwino wina umenewu.

Ba Mubanga anabwera kudzandilandira. Anaona kamakina, ndinaona kuti aona. Anandiyandikira ndi kukuwa liwu limodzilimodzi: "MWA-YE-NDA SHA-NI, BA-SE-BE-LE?" Ndinati, "Musakuwe, nimvela bwino manje. Ana nili nao atatu. Galu sanadyeko aliyense."

Mayi uja anaseka! Sindinkadziwa kuti ali ndi chiseko chotere, cha pamsika. Anandikumbatira, kenako anagwira ndolo yanga ndi nsonga ya chala. Akufuna zawo za tsiku la ukwati. Ndinati ndifunsa nkhanga.

Kenako ng'oma. Alangizi analowa ndi mkwatibwi atamufunditsa chitenje kuyambira kumutu, akuyenda pang'onopang'ono mpaka pa mphasa. Anandiitana ine mayi wake kuti ndikamuvundukule. Ndinavina popita, nthenga zikuvina nane, azimayi a ku Kasisi nthungululu. Ndinagwada, kukweza chitenje.

Trinity wanga. Wokongola, nkhope yadzaza, maso pansi monga mwa mwambo. Ndinamukumbatira. Mutu wake unagwera kumanzere kwanga, mbali imene aliyense pakhomo pathu amadziwa kuti n'kulankhula ndi khoma. Ndipo ananong'ona, ngati akudzilankhulira yekha:

"Amama, mukali okalipa na ine?"

Ndinamva liwu lililonse. Pakati pa ng'oma, pakati pa nthungululu. Mwezi wathawu ndikanamwetulira ndi kunena kuti zikomo mwanangu.

Ndinamugwira mapewa. Ndinati ndikalipe chifukwa cha chiyani? Anadzidzimuka thupi lonse. Anayang'ana khutu langa, nthenga, kamakina. Pakamwa yasa. Alangizi anali atayamba kale nyimbo ina, akundikoka kuti ndiime. Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Mawa ubwere kunyumba."

Zotsalazo ndinavina, ndinadya, ndinaonetsa mphatso yanga ya mapoto. Mutu uli kwina. Ndamulakwira chiyani mwanayu? Kapena wandilakwira chiyani?

Lolemba, 29 Seputembala

Anabwera dzulo masana, yekha, kachikwama m'manja. Atate ake anali kwa anzawo. Ndinayala mphasa pakhonde, kutulutsa chitini cha nthenga ndi pulayala, chifukwa manja akakhala ndi ntchito pakamwa pamamasuka. Ndinamupatsa nthenga kuti azisankha zofanana. Anakhala kumanzere kwanga. Ndinamusiya.

Anasankha mabanja awiri. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbuka tsiku lomaliza limene anabwera, mu Ogasiti, tikutsuka mbale kuseri kwa khitchini. Ndinati ndikukumbuka, tinadya nkhuku.

Akuti tsiku limenelo anabwera ndi nkhani. Anaisunga tsiku lonse, mpaka pa mbale. Ine ndikutsuka, iye akutsukuluza. Anapuma kwambiri ndi kunena kuti, "Amama, nili na mimba."

Ndipo ine, osatembenuka n'komwe, ndinati, "Ika apo, tiona mawa." Ndi kutenga beseni, kulowa m'nyumba.

Ika apo. Tiona mawa.

Ndinkaganiza kuti akunena za mphika wopserera.

Akuti analira m'minibasi mpaka ku Lusaka. Anadikira mawa, foni osabwera. Sabata, ziwiri. Ndikaimba ndikunena za nkhanga, za repu, za tingowe. Iye n'kumati amama akwiya kufika posafuna ngakhale kuitchula nkhaniyo. Masabata asanu ndi awiri! Ine kuno ndikuti mwana akuchita manyazi ndi mayi wogontha. Za kamakina sindinamuuze, manyazi omwewo. Atate ake ndinawaletsa kunena.

Ndinayamba kuseka. Sindinafune, chinangobwera. Iye kundiyang'ana, kenako nayenso. Tinaseka mpaka nthenga kubalalika pakhonde ponse. Pakati pa kuseka chinatembenuka, tinalira zenizeni, mutu wake pamiyendo panga ngati ali ndi zaka zisanu.

Makutu anafa, inde. Nanga maso? Nkhope yodzaza ija, ukwati wosunthidwa. Mayi wanji ine.

Anafunsanso ngati ndakwiya, tsopano poti ndamva. Ndinamuuza zoona. Ndikanamva tsiku lija ndikanakalipa, mwina mbale ikanasweka. Zinthu zabwera mosemphana, ng'ombe kumbuyo ngolo kutsogolo. Koma mkwiyo wa tsiku limenelo unandidutsa ndili m'tulo, sindingauthamangire lero. Calvin akudziwa, anasangalala. Wansembe wowaphunzitsa za ukwati akudziwa. Ba Mubanga akudziwa chiyambire Ogasiti. Apa pokha panandibaya. Iwo ndi amene anamuperekeza ku sikelo koyamba. Ndameza. Ulendo wachiwiri ndipita ndine.

Mwana adzabadwa mwezi wa Malichi. Chimanga chili chachiwisi.

Ndinalowa m'nyumba kukatenga kansalu kaja. Anamasula, anayang'ana nthawi yaitali. "Mwapanga mweka?" Ndinati ine ndi nkhanga yoyera. Anavula zake za kusitolo ndi kuvala zanga pomwepo. Akuti adzavala pa ukwati, velo ifune isafune.

Lachiwiri, 30 Seputembala

Trinity akadali kuno. Wapempha masiku awiri ku saluni.

Atate ake tinawauza dzulo titadya. Ananena yekha, atagwada, ine pambali pake. A Oswald anakanda m'mutu. Anatsokomola, anayang'ana kudenga. Kenako: "Manje nizankhala mwamuna wa ambuya?" Anatuluka, ati akukaona mbuzi. Mbuzi zili bwino. Maso anabwera ofiira. M'mawa uno ndawapeza m'shedi akuyeza matabwa, sakunena kuti ndi a chiyani.

Kutentha lero. Mitambo iwiri cha kum'mawa, yopanda kanthu. Nkhanga zayamba kuyenda ziwiriziwiri, ziikira posachedwa. Za ba Mubanga ndayamba, ndikuwapangira zamadontho aang'ono, mikanda yakuda. Ya m'chitini yatsala pang'ono. Yofiira itatu ndapatula, sindipatsa munthu.

Trinity sakufuna fungo la kapenta, akufuna mango aawisi ndi mchere. Ine pa mimba yake ndinkafuna dothi la chulu. Ndamuuza, waseka. Tili ndi nkhani zambiri zotsalira. Dzulo anayamba kundifotokozera za kasitomala wina amene anabwera ndi wigi ya

Akundiitana. Ali kuseri kwa nyumba, ku mtengo wa mango, ndipo sakukuwa n'komwe. Akuti ndibwere msanga ndidzagwire, mwina kamwana kayamba kugunda